Bwato Limene Anayenera Kukwera Alamu

Ku Kachebere, kumudzi kumene ndinali mtengwa, mpaka lero amanena kuti ndinapha mwamuna wanga ndi mchere. Akazi amene ndinkatunga nawo madzi pa mjigo umodzi akabwera kuno ku Kamwendo tsiku la msika amalambalala benchi langa la mandasi, maso ali kumbali. Zimenezo sizindisowetsa tulo, ogula ndili nawo. Chimene chimandinyansa n'choti munthu amene anayambitsa bodzali amadutsanso pomwepa pa njinga yamoto, atavala jekete yachikopa ya ku Joni, n'kumandikwezera dzanja ngati tinagawanapo zabwino. Munthuyo ndi alamu anga a Gerevazio, akulu ake a malemu mwamuna wanga Damiano. Ndimadana nawo, ndipo sindichita manyazi kunena.

Ndi iwowo amene anatitengera ku Joni. Ine ndi Damiano tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya, ndipo chifuwa chake chinayambira komweko, m'zigafa, fumbi la fodya likumulowa chaka ndi chaka. Sichinali chifuwa chogoneka munthu, chinkabwera kukazizira n'kupita kukatentha. A Gerevazio anali atapita kale kunja. Atabwera pa Khirisimasi anatipeza tikupalira, anaima m'mphepete mwa munda kuopa kudetsa nsapato, n'kunena kuti bwana wawo akufuna anthu awiri, wamwamuna wa ku mabwato ndi wamkazi wophika. Damiano sanafunse n'komwe kuti mabwato ake ati. Chibadwire chake, achimwene ake akanena chinthu iye ankangoti chabwino. Fodya atagulitsidwa, mwana wathu Tiyamike, amene anali atangosiya kuyamwa, tinamusiya kwa amayi anga kuno ku Kamwendo, ife n'kukwera basi.

Za ulendowo sindikumbukira zambiri kupatula kutupa miyendo ndi kutsikatsika pa mabodala. Tinafika ku Joni n'kupitirirabe mpaka dziko la ku Kepi, kumene kuli mapiri amiyala yokhayokha ndi minda ya mphesa. Bwana anali Mbunu wamtali, wosalankhula zambiri, ndipo famu yake inali m'mbali mwa mtsinje. Mphesa ankalima pang'ono, ntchito yeniyeni inali ya alendo. Anthu ankachoka m'tauni, kusiya nyumba zamagetsi ndi mabedi, kudzalipira kuti awakweze m'mabwato apulasitiki, apalase masiku angapo kutsika ndi mtsinje, kukada azigona pansi m'tchire. Nditamva zimenezi koyamba ndinaseka mpaka misozi. Kwathu munthu akagona m'tchire ndiye kuti amuthamangitsa pamudzi.

Alendo ankapalasa mabwato opepuka, awiriawiri, bwana ali patsogolo. Katundu yense, matenti, mapoto, matebulo opinda, nyama, mowa, ankayenda m'bwato lalikulu la antchito. Antchitowo ankayenera kufika msanga pamalo ogona, kukhoma matenti ndi kukoleza moto, kuti alendo akamafika apeze tiyi atapsa. Anali atatu: a Gerevazio, amene anali kapitawo, Damiano, ndi bambo wina wa ku Zimbabwe dzina lake Tendai. Ulendo uliwonse ankapita awiri, mmodzi n'kutsala kupuma, ndipo ankasinthana. Ine ndinkatsala pa famu, kuphikira alendo asananyamuke ndiponso akabwerako, ndi kulongedza zakudya za m'njira.

Patapita nthawi ndinadziwa mmene alamu anapezera ntchitoyo. Anauza bwana kuti iwo ndi mng'ono wawo ndi ana a asodzi, anabadwira m'bwato. Mbunuyo ankaganiza kuti Mmalawi aliyense akadzuka amaona nyanja pakhomo. Ife a ku Mchinji madzi aakulu amene timawadziwa ndi Bua akasefukira, ndipo akatero timakhala kutsidya kudikira kuti aphwe. Damiano sankatha n'kusambira komwe. Kupalasa anaphunzira kwa Tendai akaweruka, mpaka manja kutuluka matuza. Tendai anali munthu wa tchalitchi, wa mkazi ndi ana kwawo, wokonda kuseka Chichewa chathu ife tikuseka chake. Tinkabwerekana ufa ndi sopo, ndipo Lamulungu ankabwera ku kanyumba kathu ka malata, kuseri kwa shedi ya mabwato, kudzadya nafe nyemba.

Nyengo yotentha zinkayenda bwino, ndisaname. Tinkatumiza kumudzi, apongozi anga anafolera nyumba ndi malata, Tiyamike anavala nsapato, ngakhale kuti ndikamuimbira foni ankathawa mawu anga n'kubisala kumbuyo kwa agogo ake. Nthawi imeneyo a Gerevazio sankaphonya ulendo wawo. Alendo akasangalala amasiya kangachepe, amasiyanso nyama ndi mowa wotsala, ndiye alamu ankalanda ngakhale maulendo a anzawo.

Koma dziko lija nyengo zake n'zotembenuka. Kwathu kuno mvula imabwera ndi kutentha, munthu umapalira chimanga ukuvumbwa, pofika kunyumba wauma kale. Chisanu chathu n'chouma, chimangofuna moto ndi bulangete. Kumene kuja, miyezi imene kuno timakumba mtedza, masamba a mphesa amafiira n'kuyoyoka, ndiye mvula ndi chisanu zimabwera limodzi. Mvula yakenso si yamabingu yogwa n'kukata. Ndi yamawawa, yobwera chopingasa ndi mphepo, tsiku lonse, mawa lakenso chimodzimodzi. Imalowa mpaka m'mafupa, ndipo zovala ukayanika kumayambiriro kwa sabata, kumapeto kwake zimakhala zikadali zonyowa.

Munali m'nyengo imeneyo, chaka chathu chomaliza, pamene kunabwera gulu lina la alendo ochokera m'tauni. Damiano anali atangobwerako ulendo wina, chifuwa chitayambiranso, akutsokomola mpaka kugwira khoma. Ulendo wotsatirawu unali wa a Gerevazio ndi Tendai, iye inali nthawi yake yopuma. Ine mtima unali m'malo, ndinkati agone ndizimuphikira tiyi wa mandimu.

Mvula inali isanakate sabata yonseyo, mtsinje utafiira, ukukokolola nthambi. Alendo anakhala pakhonde lalikulu masana onse akukangana kuti apite kapena asapite, ine ndikuwathirira khofi. Chingerezi changa n'cha ku pulayimale, koma zaka za m'khitchini zinali zitandinola makutu. Aliyense maso anali pa foni, kuona za nyengo. Mayi wina wa chipewa choluka ananena kuti iye sanabwere kudzadwala, bola agone pa famu, adye, abwerere kwawo. Mwamuna wake anavomereza. Koma panali chibambo china chandevu, chamimba, chimene chinkalankhula kuposa onse. Chinati kunja kukatentha aliyense akhoza kupita, ulendo wokoma ndi wovutikira, ndipo munthu sadziwa kuti ali moyo mpaka atazizidwa. Chinkanena zimenezi chili ndi kapu ya khofi m'manja, mapazi chitalozetsa ku mbaula. Ndinalakalaka kuchithira khofiyo m'ndevu.

Bwana sankafuna kupita, ndinamuona. Ankangopita kumtsinje kukayang'ana madzi n'kubwera akukanda m'mutu. Pomaliza anauza alendo kuti iwo savutika, ali ndi zovala za labala ndi zikwama zosalowa madzi. Nkhawa yake inali bwato la katundu, lolemera lija, pamalo ena pamene madzi amathamanga pakati pa miyala. Ndiye anaitana kapitawo wake.

A Gerevazio anabwera akupukuta manja, chipewa chili m'khwapa, akumwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Madzi awa muwatha?" anafunsa bwana. "Ukati ayi, sitipita."

Ine ndinali chiimire pakhomo ndi thireyi. Liwu limodzi lokha, aliyense akanagona pouma.

"Awa si madzi, bwana," anatero alamu. "Kwathu kunyanja timapalasa pa mafunde otalika ngati nyumba iyi. Ife mvula ndi mnzathu."

Alendo anaseka, chandevu chija chinawamenya paphewa n'kuwapatsa botolo la mowa. Nkhani inathera pomwepo. Mayi wa chipewa uja anati atsala ndi mwamuna wake, ena onse anati anyamuka m'mawa.

Kutacha, ndikukoleza mbaula m'kanyumba kathu, ndinamva odi. A Gerevazio analowa atapindika, dzanja lili pamsana, nkhope atakwinya ngati amwa mankhwala owawa.

"Damiano, msana wandigwira. Sindingathe n'kuwerama komwe. Upite ndiwe."

Damiano anali pa matiresi atafunda mabulangete athu onse. Anayamba kudzuka.

"Sapita," ndinatero. "Alamu, simukumva mmene akutsokomolera? Ulendowu ndi wanu. Mwauvomera nokha dzulo, pamaso pa anthu."

"Ndikulankhula ndi mng'ono wanga."

"Ndiye pitani mukauze bwana kuti msana wavuta, ulendo ulephereke."

"Kuti atichotse tonse? Inu mlamu, mukudziwa kuchuluka kwa anthu amene amaima pa geti paja kufuna ntchito yomweyi? Kuno munabwera ndi ndani? Mapepala muli nawo?" Anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Iwe, masiku ano akukulamulira ndi mkazi?"

Damiano anali akuvala kale nsapato. Ndinamugwira mkono, unali wotentha.

"Abambo a Tiya, thupi latenthatu ili. Musapite."

"Amake Tiya, mvula ndi mvula," anatero, osandiyang'ana. "Ndapalira fodya pa mvula zaka zonse zija, ndinafa? Achimwene akudwala, ndiwakanira bwanji?"

"Ija inali mvula yakwathu. Iyi ndi ina."

"Basi, zatha."

Sindinasiyire pomwepo. Ndinathamangira ku nyumba yaikulu kwa adona, mkazi wa bwana, n'kuwauza kuti mwamuna wanga akudwala. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati za kusinthana antchito amakonza okha ndi kapitawo, iwo salowerera. Anandipatsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Pofika kumtsinje ndinapeza mabwato ali kale pamadzi. Alendo anali atavala zovala zawo za labala, zakuda zothina, akujambulana. Damiano ndi Tendai anali ataboola majumbo akuda otayira zinyalala n'kuwavala pamwamba pa majuzi. Mabulangete awo analinso m'majumbo, atawamangirira pamwamba pa mapoto. Ndinamuponyera Damiano kabotolo kaja, anakawakha, n'kukankha bwato ndi nkhafi. A Gerevazio anaima pansi pa mtengo atagwira msana, akuwafunira ulendo wabwino.

Msanawo unachira nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ndikutaya madzi kuseri kwa khitchini ndinawaona atanyamula okha silinda ya gasi yodzaza paphewa, akuimba mluzu.

"Alamu, mwachiratu msanga."

Anaitsitsa pang'onopang'ono. "Mlamu, pakamwa panupo padzakupwetekani tsiku lina."

Masiku onse amene anali kumtsinje mvula sinakate. Ndinkaphikira mayi wa chipewa ndi mwamuna wake, iwo akuwerenga mabuku pafupi ndi moto, ine maso ali pa zenera. Kumene anapitako foni sigwira. Alamu ankabwera m'khitchini kudzatenga chakudya chawo ngati palibe chachitika, ndipo ndinkawapakulira chifukwa mphamvu yowamana ndinalibe. Sitinkalankhulana.

Tsiku lomaliza adona anakawatenga pa galimoto kumunsi kwa mtsinje. Alendo anatsika ndi phokoso, masaya ali psu, aliyense akufotokozera mnzake zinthu zimene onse anaziona limodzi. Damiano anachita kutsitsidwa kumbuyo kwa galimoto ndi Tendai. Milomo inali itatuwa, mano akugundana, ndipo atandiona anayesa kumwetulira. Chandevu chija chinabwera, chinamuveka kapusi yake kumutu, n'kuuza anzake kuti uyu ndiye mwamuna weniweni. Chinati ulendo wokoma ngati umenewu sichinayendepo chibadwire.

Zimene zinachitika anandiuza ndi Tendai, tikumuvula Damiano zovala zonyowa. Bwato la katundu linagubuduka tsiku loyamba lomwelo, pa miyala paja bwana ankaopa. Zikwama za alendo zinayandama, m'kati muli mouma. Majumbo a antchito anang'ambika. Damiano anamira, Tendai anamukoka ndi kolala, ndipo atangopuma pang'ono anabwereranso m'madzi ofika m'chifuwa kukavuula mapoto ndi matebulo, chifukwa popanda zimenezo alendo sakanadya. Kenako kukhoma matenti, kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, kuphika, kutsuka. Bwana anawapatsa lona ndi juzi yake youma kuti azibwerekana. Ankagona pansi pa bwato atalivundikira, ataphatikizana ngati ana, zovala zosauma mpaka tsiku lobwerera.

"Ndinamuuza kuti tiuze bwana, iwe wadwala, tibwerere," anatero Tendai m'Chichewa chake chothyokathyoka. "Iye akuti achimwene achita manyazi."

Kuyambira pamenepo Damiano sanakwerenso bwato. Ku kiliniki anati ndi chibayo, anamupatsa mapilisi, anapezako bwino, n'kugwanso. Kanyumba kathu kankadontha, mphepo ikulowera pansi pa chitseko. Ine ndinkayenera kukhala ku khitchini kuyambira m'mawa, ndiye amene ankamuyang'anira akapeza mpata anali Tendai. Ankamutolera nkhuni, kumukhazika padzuwa likatuluka, kumubereka mpaka kumsewu kukakwera galimoto ya ku kiliniki. Akulu ake enieni ankangosuzumira pakhomo, kufunsa kuti wadzuka bwanji, osalowa. Miyendo itayamba kutupa, bwana anatiitana n'kunena mwaulemu kuti munthu wodwala chonchi ndi bwino akakhale kwawo. Anatilipirira matikiti a basi. Pamalo pa Damiano alamu anali atapeza kale munthu wina, wa ku mapiri a ku Dedza, amenenso akuti anabadwira m'bwato.

Tinafika ku Kachebere anthu akusosa m'minda. Ndinkayembekeza kuti apongozi anga andilandira ngati munthu amene wabweretsa mwana wawo ali moyo kuchokera kutali. Iye anamulandira akulira. Ine anandipatsa moni wa kunsonga kwa zala. Tsiku lomwelo ndinalowa m'khitchini kuti ndiphike ndiwo za wodwala, ndipo nditatambasula dzanja kuti nditape mchere, apongozi anachotsa kambale kake.

"Mchere ndithira ndekha."

Ndinangoti chilili, chipande chili m'manja. Mkazi aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake akadya amadwala tsempho. Amatsokomola, m'chifuwa mumabaya, miyendo imatupa. Damiano anali nazo zonsezo.

"Amayi, mwamva chiyani?"

"Palibe. Khalani pansi mupume, mwayenda ulendo wautali."

Ndinakamva kwa mkazi wina ku mjigo. Ife tikadali m'basi, a Gerevazio anali ataimba kale foni. Anauza amayi awo ndi alongo awo kuti ku Joni ndinkayenda ndi Mzimbabwe, kuti munthuyo sankachoka m'nyumba mwathu, kuti mng'ono wawo anali wathanzi ndipo ndamusempha ndine. Za bwato, za mvula, za msana, sanatchuleko. Mudzi wonse unali utameza kale, poti wonenayo ndi amene ankatumiza feteleza.

Ndinamuuza Damiano. Analira, anati ndi bodza, ndipo anauza alongo ake kuti ndi bodza. Iwo anati mwamuna wodyetsedwa mankhwala amatero. Ndinamupempha kuti aitanitse akuluakulu, anene za ulendo uja, kuti unali wa ndani. Anatembenukira kukhoma. "Ndi achimwene anga," anatero. Mwamuna uja ndinkamukonda, koma tsiku limenelo anandikwiyitsa mwakuti ndinatuluka panja kuopa kunena zoipa kwa munthu wodwala.

Anamwalira ku chipatala cha kuboma mvula yoyamba isanagwe. Adokotala anati mapapo anali atawonongeka ndipo mtima unatopa. Tinkamudwazika awiri, ine ndi apongozi, kugona pansi m'mbali mwa bedi limodzi osalankhulana. Ine ndikapita kokaphika, iwo ankatsala naye. A Gerevazio anabwera pa maliro ndi bokosi lokongola, ndipo analira kuposa aliyense.

Tsiku londisudzula, loti andimasule ndibwerere kwathu, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe a mbali zonse, amalume anga atabwera pa njinga kuchokera ku Kamwendo. Ankhoswe a kuchimuna analankhula mozungulira, akuti zimene zinachitika kunja azisiya m'manja mwa Mulungu, mtengwa apite kwawo mwamtendere. Mtendere wake uti, munthu atasenzetsedwa dzina la hule ndi la wakupha? Ndinapempha kulankhula. Amalume anandiyang'ana ndi diso londiletsa, ine ndinagwada n'kulankhula basi.

"Ndili ndi funso kwa alamu anga. Ulendo umene unadwalitsa abambo a Tiya unali wa ndani?"

A Gerevazio sanaphethire n'komwe. "Ulendo uti? Maulendo anali ambiri."

"Wa mvula uja. Umene munauza bwana kuti kwanu ndi kunyanja. Umene msana unakugwirani m'mawa n'kukusiyani masana."

"Damiano anachita kupempha yekha kuti apite, ankafuna timphatso ta alendo. Ine ndinamuletsa." Anayang'ana anthu n'kupukusa mutu. "Mwaonatu mmene alili mayiwa. Pamaso pa akuluakulu akutere, nanga kunja kopanda wowaona?"

Anthu anang'ung'udza. Alongo awo anayamba kundilozaloza. Ine ndinayang'ana apongozi, amene anakhala pamphasa atatambalala, maso ali pa zala za kumapazi. Sananene kanthu. Amalume anapepesa m'malo mwanga chifukwa cha mwano, ndipo mwambo unatha.

M'mawa mwake ndikumanga katundu, apongozi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anali ndi lichero pamiyendo, akuswa mtedza. Anandiuza kuti ndikhale, n'kupitiriza kuswa.

"Nabanda, za bwato zija anandiuza."

"Ndani?"

"Damiano. Ku chipatala, inu mutapita kokaphika. Anandiuza za msana, za mvula, zonse. Anati inu simunamulakwirepo."

"Ndiye dzulo munakhaliranji chete, amayi?"

"Gerevazio ndimamudziwa, ndinabala ndekha. Ali mwana akaswa mbale ankaloza mng'ono wake." Anataya makoko pansi. "Koma ndinali ndi ana aamuna awiri, watsala mmodzi. Ndikanena pagulu kuti anaphetsa mbale wake, pamudzi pano sapondaponso. Adzandiika ndani? Inu mukupita kwanu, muli ndi abale anu. Mukadali mtsikana, mudzakwatiwanso."

"Ndi mbiri imeneyi?"

Anathira mtedza m'kajumbo n'kunditambasulira, akuti ndikamupatse Tiyamike. Sindinalandire.

"Tiyamike akukula," ndinatero. "Tsiku lina adzabwera kuno kwa abale a bambo ake, ndipo adzamuuza kuti amake ndi amene anawapha. Akadzakufunsani inu, mudzamuyankha chiyani?"

Anabwezera kajumbo kaja m'lichero.

"Nthawi imeneyo ine ndidzakhala nditapita."

Ananena zoona. Anamwalira chaka chathachi osauzapo munthu wina aliyense, ndipo anawaika ndi a Gerevazio monga ankafunira. Ine ku maliroko sindinapite. Tiyamike, amene tsopano ndi namwali wa ku sekondale, anapita ndi amalume, ndipo azakhali ake anamugoneka kumeneko masiku angapo. Chibwerereni sakundilankhula ngati kale. Sabata yatha tikutsuka mabeseni anandifunsa, osandiyang'ana, kuti Tendai anali ndani.